Adokotala anandipeza ndi majini

Ine ndi bambo akunyumba kwathu timamwa piritsi m'mawa uliwonse, aliyense lake, koma lofanana mtundu, lofanana kukula, lochokera pawindo limodzi kuchipatala. Ndi la kachilombo. Ndayamba ndi zimenezo kuti wina asavutike kufufuza. Tinadziwana kwathu ku Balaka tili pamzere wa ma ARV. Iwo anali ataferedwa mkazi mankhwala asanafike kudera kwawo, ine mwamuna anali atapita ku Joni n'kuiwala njira. Ndiye piritsi limeneli sitimaseweretsa, kapena ndinene kuti sitinkaseweretsa.

Mabotolo athu amakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa firiji. Tiyi akapsa, bambo amatsitsa chitini, kundiikira langa padzanja, n'kunena kuti tiyeni mayi tiike mayunitsi. Ngati foni. Timameza, tsiku layamba.

Titakhazikika kuno ku Glasgow anatisinthira mankhwala tonse awiri. Akale aja ine ankandizunguza mutu komanso kundilotetsa zinthu. Ndinalotapo mbuzi ikundifunsa pasipoti. Ndinalotapo ndikukwatiwa ndi basi, ukwati wa kutchalitchi, anthu n'kumafupa. Bambo mankhwala omwewo ankagona nawo ngati thumba la simenti. Atsopanowa atabwera maloto anatha, ndinathokoza Mulungu. Kenako thupi linayamba.

Poyamba ndinasangalala. Kwathu munthu wa kachilombo akanenepa ndiye kuti wapambana, anthu amasiya kumuyang'ana m'khosi. Ndinatumiza zithunzi kumudzi. Koma thupi silinamve kuti zithunzi zakwana. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Partick, ndipo yunifolomu anandisinthira, kenako anandisinthiranso. Gogo wina amene ndimamusambitsa ankandisisita pamimba tsiku lililonse n'kufunsa kuti mwana abadwa liti. Amaiwala, ndiye tsiku lililonse inali nkhani yatsopano kwa iye. Mawondo anayamba kulira pa masitepe. Ludzu losatha, kuchimbudzi pafupipafupi. Atandiyeza magazi anati shuga akukwera, mafutanso akukwera.

Tsono bambo. Munthu amadya tchipisi za pakona, soseji yoviika mu ufa n'kuikazinga, tiyi wake supuni imaima ndi shuga. Koma akaima chammbali pa siteji, dalaivala wa basi amadutsa osawaona. Lamba amaboola okha ndi msomali. Mphika umodzi, piritsi limodzi, bedi limodzi. Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma samu imeneyi ndinaona kuti sikutuluka.

Ndinakafunsa ku kiliniki yathu, kufupi ndi Hillhead. Anesi a pasikelo amanditcha heni, ndiye kuti nkhuku yathadzi, kuno ndi ulemu, ndinazolowera. Adokotala ndi mayi wa tsitsi lofiira ngati njerwa, wabwino mtima, koma Chizungu chake chimathamanga ngati chikuthawa mvula. Ndinayala Chizungu changa chonse patebulo: piritsi limodzi, mwamuna woonda, ine chonchi, chifukwa chiyani? Anayankhula zambiri. Mawu amene ndinagwira ndi akuti mwina nkhani ili mu jinz zanga.

Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditavaladi jinzi, yothina, batani likupempha chifundo.

M'sitima yoyenda pansi pa nthaka, imene imangozungulira malo amodzimodzi, ndinaiganiza bwino nkhaniyi ndipo inagwirizana. Bambo savala jinzi. Ndi mkulu wa mpingo wa Chipresibateria, ngakhale kukataya zinyalala amavala buluku la suti. Ine ndinayamba kuvala jinzi kuno, ndipo kunenepa ndinayambanso kuno. Mwina imafinya m'mimba, mafuta n'kusowa kolowera. Sindinaone cholakwika m'maganizo amenewa, ndipo kunena zoona mpaka pano ndimaona kuti anali maganizo aukhondo, kungoti anayambira pa mawu olakwika.

Majinzi onse ndinakasiya kushopu ya kaunjika ku Partick. Nyengo yozizira yonse ndinayenda ndi masiketi, mphepo ya kuno ikulowa mmene ikufunira. Chimene ndinapeza ndi chimfine. Sikelo inapitiriza ulendo wake.

Nditabwerera ndinauza adokotala kuti jinzi ndinasiya koma palibe chasintha. Anandiyang'ana, anayang'ana siketi, anagwira pakamwa pang'ono. Kenako anati dikirani tipeze womasulira. Anaimba foni, kuiika patebulo pakati pathu, ndipo munatuluka mawu a bambo wina wa Chichewa chosalala ngati cha pa wailesi. Tinapatsana moni, ndinamva kukoma. Adokotala anayankhula, iye anamvetsera, kenako anati:

"Mayi, adokotala sakunena za buluku ayi. Akunena majini."

Ndinamupempha abwereze. Anabwereza. Majini.

Ine majini ndimawadziwa. Ndili mtsikana kunali mayi wina pafupi ndi kwathu amene majini akamugwira ankayankhula mawu aamuna, chilankhulo chimene sanaphunzirepo, n'kumaitanitsa mpunga woyera ndi mafuta onunkhira. Anthu ankamugwira miyendo. Ndiye ndinakhala pampando paja, manja pa chikwama, kumvetsera mzungu wophunzira akundifotokozera za majini anga kudzera pa foni.

Womasulira anapitiriza mwaulemu. Akuti majini amenewa munthu amabadwa nawo. Amachokera kwa makolo, ena kuchimuna ena kuchikazi, ndipo amapitirira kwa ana. Saoneka ndi maso. Ali m'thupi monse, m'magazi, m'chiwindi. Mankhwala akalowa amakumana nawo, ndipo majini a munthu wina amawalandira mwina, a wina mwina. Anga ndi a bambo akhoza kukhala osiyana, n'chifukwa chake piritsi limodzi likhoza kuchita ziwiri.

Palibe liwu limodzi pamenepa limene linatsutsana ndi zimene ndinkadziwa kale.

Kenako adokotala anafunsa ngati pa mankhwala akale aja ndinkalota maloto achilendo. Za mbuzi ija sindinauzepo munthu wa chipatala. Amene amafunsa maloto ndi asing'anga ndi aneneri. Ndinavomera. Anagwedeza mutu ngati wapeza chimene amafuna, n'kufotokoza kuti pali anthu ena, ambiri ndithu a kwathu kuno ku Africa, amene majini awo amachititsa chiwindi kuchedwa kuchotsa mankhwala akale aja. Mankhwala amaunjikana, munthu amalota kwambiri, thupi limakhala lofinyika. Akawasinthira, thupi limadumpha. Anati sakutsimikiza kuti ndi zimene zachitika kwa ine, ophunzira akufufuzabe, zambiri sizinadziwike. Ndinafunsa ngati angawachotse. Anati ayi, sachotsedwa. Ananenanso kuti piritsi ndisasiye, ndipo womasulira anandiuza zimenezo momveka bwino. Ndinamva. Koma mutu unali utatuluka kale panja.

Chinanso, ndinakumbukira kuti mayi wa kwathu uja majini ake ankafuna mpunga. Ine chiyambireni mankhwala atsopano ndinkafuna buledi. Ndikadutsa pashopu, buledi ankandiitana. Ndiye ndinati basi, anga ndi a buledi.

Bambo sindinawauze. Iwo amakhulupirira kuti ziwanda zonse zinalowa mu nkhumba za m'Baibulo zija n'kumira, nkhani inathera pomwepo. Koma ine Loweruka masana ndimapita ku mapemphero ku Sighthill, m'nyumba mwa amayi ena amene timangowatcha amayi amapemphero. Amayi amenewa si oipa. Nditangofika kuno ndi iwo anandipatsa jekete, kundiphunzitsa kukwera basi, kundiuza kuti mzungu akati tionane tsiku lina tidzamwe tiyi usavale nsapato. Za kachilombo sankadziwa. Ndinangowauza kuti kuchipatala andipeza ndi majini.

Sindinaonepo munthu akusangalala ndi matenda a mnzake choncho. Anakweza manja. Anati zaka zonsezi akhala akunena, anthu n'kumati amayi aja ndi osaphunzira, lero dokotala wachizungu ndi makina ake wavomereza. Anandifunsa ngati ananena kuti ndi a kumakolo. Ndinati eya. Ngati anafunsa za maloto. Ndinati eya. Ngati ananena kuti chipatala sichingawachotse. Ndinati eya. Anatenga foni kuitana amayi ena.

Loweruka lotsatira anandiika pakati pa balaza. Anaimba, anadzudzula, anandikankha pachipumi kuti ndigwe, koma ndi thupi limene ndinali nalo sindinkagwa wamba. Amene anaikidwa kumbuyo kuti andiwakhe ndinamumva akusuntha pang'onopang'ono kupita kukhitchini. Analamula majini kuti atchule mayina awo. Kunali zii, kenako m'mimba mwanga munalira, chifukwa anandiuza kuti ndibwere osadya. Amayi amapemphero anati mwamva, ayamba kuyankha. Mzungu wa nyumba yapansi anagogoda kudzafunsa ngati tikusuntha makabati.

Titapuma, amayi amapemphero akundipatsa madzi, anandifunsa kuti adokotala anati chimawadzutsa n'chiyani. Ndinati akuti amakumana ndi mankhwala amene ndimamwa, a magazi. Sindinanene kuti a magazi ake ati, iwonso sanafunse.

"Ndiye mlongo, mukuwadyetsa nokha m'mawa uliwonse," anatero. "Asiyeni ndi njala muone ngati sasamuka."

Apa ndiyenera kunena bwino, chifukwa wina angaganize kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa. Ndinaona anthu osiya mankhwala, ndinawaona akubwerera kuchipatala pa njinga atawamangirira ndi chitenje kuti asagwe. Ndinkadziwa kuti piritsi lija ndi limene limagoneka kachilombo, ndipo kanga kanagona kalekale moti makina sankakaona. Koma taganizani. Mbali iyi muli kachilombo kogona. Mbali iyi muli majini odzuka, otsimikizidwa ndi dokotala, akukudya mawondo, akukuthira shuga m'magazi, ndipo akuti apita kwa ana. Ndinati ndingowasala pang'ono, majini akatuluka ndiyambiranso, kachilombo sikadziwa.

Vuto linali chitini cha mabisiketi. Bambo amapereka okha piritsi padzanja. Ndiye ndinkaliika m'kamwa, kulibisa m'tsaya, kumwa tiyi mosamala, iwo akatembenuka n'kulikwirira mu mphika wa duwa limene lili pawindo la kukhitchini. Duwa lenilenilo ndi la masamba okhaokha, anatipatsa a kumpingo. Kutaya m'bini ndinkaona ngati tchimo, mankhwala amene anthu kwathu anafa akuwadikira. Ndinati bola akhale m'dothi.

Zinayenda choncho kwa kanthawi ndithu. Buledi sanasiye kundiitana. Sikelo sinasunthe. Amayi amapemphero anati majini akumakolo ndi amakani, ndilimbike. Chimene chinasintha ndi duwa. Linatulutsa masamba atsopano, obiriwira, onyezimira.

Tsiku lina Lamlungu titabwera kutchalitchi, bambo anaima pawindo kuyamikira duwa. Anati laona chiyani chaka chino. Anapisa chala m'dothi kuti aone ngati likufuna madzi. Chala chinatuluka ndi phala la mtundu umene tonse timaudziwa. Anakumba pang'ono ndi supuni ya tiyi. Anapeza ena osasungunuka bwino.

Anakhala pansi, supuni ili m'manja, tayi asanamasule.

"Mayi, duwa ili linakayezetsa liti?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira jinzi. Za jinzi anali asakudziwa, ankangoganiza kuti ndatembenuka mtima. Ndinkadikira kuti aseke kapena atsegule Baibulo pa nkhumba zija. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Ine ndinaika kale m'manda mkazi woonda," anatero. "Ndinamunyamula ndekha, sanali wolemera. Inu nenepani mpaka tichotse chitseko, koma piritsi mezani."

Anatsitsa chitini ngakhale sinali nthawi yake. Ndinameza akuyang'ana pakhosi. Koma ndinawauza kuti za majini sizinathe, dokotala ananena yekha, ndipo womasulira ndi Mmalawi mnzathu, sangatinamize. Anati chabwino, tipita tonse, majiniwo akawaonere okha.

Tinapita. Bambo anavala suti ya mgonero. M'sitima yapansi ankangoyendetsa milomo, ndinadziwa kuti akukonza mafunso ngati a kalasi ya ubatizo. Adokotala anaimbanso foni, ndipo mwamwayi kapena mwatsoka munatuluka mawu omwe aja a pa wailesi.

Bambo anayamba. Anafunsa ngati iwonso ali ndi majini. Adokotala anati eya. Bambo anakhosomola. Anafunsa ngati adokotalawo ali nawo. Anati eya, n'kugwira tsitsi lawo lofiira lija, akuti limeneli ndi majini a agogo awo aakazi. Ndinayang'ana tsitsilo ndi maso ena. Bambo anafunsa za abusa. Akuti abusa ali nawo. Mfumu ya dziko lino ili nawo. Galu ali nawo. Nkhumba, anafunsa bambo mochenjera. Akuti nkhumbanso. Bambo anandiyang'ana ngati akuti pamenepo pokha tagwirizana.

Ndiye ine ndinalowererapo, sindikudziwa chinandituma n'chiyani, mwina njala. Ndinafunsa za mbatata. Womasulira anafunsa ngati ndikutanthauza ya kholowa kapena ya kachewere. Ndinati iliyonse. Adokotala anati mbatata ili nawo ambiri zedi, ndi amene amachititsa kuti ina ikhale yofiira khungu ina yoyera.

Pamenepo ndi pamene zinandikanika. Nkhumba ndikumvetsa, ili ndi mpweya, imathamanga, ikhoza kulowedwa. Koma mbatata? Chiwanda chikalowa mu mbatata chikatani? Chingokhala m'thumba pansi pa sinki kudikira kusendedwa? Ndipo bambo amadya tchipisi tsiku lililonse, bwenzi atadzaza.

Adokotala anaona kuti nkhope yanga yaima. Analoza pakamwa panga, pa mpata umene uli pakati pa mano anga akutsogolo, n'kufunsa kuti wina ndani ali nawo kwathu. Ndinati amayi anga. Mayi anga aang'ono. Mwana wanga wamkazi. Anafunsa ngati alipo wa shuga. Ndinayamba kuwerenga m'mutu: mayi aang'ono omwewo, amalume amene anadulidwa chala cha kuphazi. Onse a mpata, kapena ambiri mwa iwo. Onse matupi akuluakulu akangopeza bwino pang'ono.

Ndinaweramira pa foni ija.

"Achimwene, kodi mukunena zakumtundu?"

"Eya mayi, zomwezo."

"Nanga bwanji simunanene kuti zakumtundu?"

Anati m'mabuku a sayansi amalemba majini, kuchokera ku liwu la Chizungu limene ine ndinalimva ngati jinzi, ndipo iye mayeso anakhoza ndi liwu limenelo. Kenako anafunsa kuti kodi ine ndimaganiza majini ake ati. Foni inakhala chete, moti adokotala anaigwedeza kuona ngati yaduka. Kenako mawu a pa wailesi aja anatsika, anakhala mawu a munthu wa kumudzi. Anati pepani mayi anga, pepani kwambiri.

Adokotala ankafuna kudziwa chimene chikuchitika. Womasulira anafotokoza, ndipo ndinaona milomo yawo ikuyamba kunjenjemera ngati tsiku la siketi lija. Koma bambo anawonjezera za duwa. Kuseka kunathera panjira. Adokotala anandifunsa kuti ndasiya nthawi yaitali bwanji, ndinanena mmene ndinkakumbukira. Anati kachilombo ukakapatsa tchuthi kamadzuka, ndipo nthawi zina kamadzuka katawaphunzira mankhwala, osawaopanso. Ananditumiza kwa anesi a heni aja kukatenga magazi tsiku lomwelo.

Kudikira zotsatira kunali kowawa kuposa majini. Kuntchito gogo uja anandisisita pamimba kufunsa za mwana, ndinangoti posachedwa gogo. Bambo anasiya tchipisi osauzidwa ndi munthu, ngati kuti kusala kwawo kungathandize magazi anga. Anaonda kuwonjezera pamene panalibe choonda.

Zotsatira zinati kachilombo kanadzutsadi mutu, kakuoneka, koma mankhwala sikanawaphunzire. Anati ndipitirize omwewo osadumphitsa, adzayezanso. Atadzayezanso kanali katabwerera kukagona. Za shuga anandipatsa piritsi lina, n'kundiuza kuti ndichepetse buledi, ndiziyenda. Zakumtundu sizichoka, koma akuti si zokhazo zimene zimalamula, mbale ndi miyendo zilinso ndi mawu. Ndiye masiku ena ndimatsika basi patali n'kuyenda wapansi mpaka ku Partick. Ndatsikako pang'ono, osati kwambiri. Majinzi anga ndinakawayang'ana kushopu ya kaunjika ija, anali atagulidwa.

Amayi amapemphero ndinakawauza ndekha kukhitchini kwawo kuti mankhwala a magazi aja ndi ati. Anakhala pansi. Anati mlongo mukanandiuza, ine amenewo sindiletsa munthu, mchemwali wanga anapita chifukwa chosowa omwewo. Za mbatata ndinayesa kufotokoza koma sizinalowe bwino. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti kuyambira lero azipempherera kaye asanasende.

Kunyumba mwambo unasintha pang'ono. Bambo amatsitsa chitini, amandiikira padzanja, timaika mayunitsi, kenako amati tsegulani. Ndimatsegula pakamwa, kukweza lilime, iwo n'kusuzumira m'masaya ndi magalasi awo, mkulu wa mpingo wathunthu. Akamaliza amapita pawindo kukapisa chala m'dothi, tsiku lililonse, ndipo poti chala chalowa kale amathiramonso madzi.

Duwa lija linayamba kufota. Masamba achikasu, kugwa limodzilimodzi. Ine ndikuganiza kuti ndi madzi ochuluka ndi chala cha tsiku lililonse. Bambo akuti ayi. Tsiku limene tsamba lomaliza linagwa anandiitana kukhitchini, analitola, kundionetsa pafupi ndi maso.

"Mwaona mayi," anatero. "Linasiya mankhwala."